Mutu 6: Tsabola Abowola Kayaki

1. Makina afika

Lachisanu masana, Tsabola anafika ku shedi ya amalume ake ali wefuwefu, akadali mu yunifomu ya sukulu. Dzina limeneli anamupatsa anzake a m'kalasi chifukwa sankachedwa kupsa mtima. Pachifuwa anakumbatira katoni ngati wanyamula mwana wakhanda.

Amalume akewo anali mmisiri wa maboti. Ndiwo ankakonza makayaki onse a kalabu ya achinyamata owedza ku damu. Kayaki ndi kabwato ka pulasitiki ka munthu mmodzi. Wokwera amakhala pamsana pake n'kumapalasa ndi nkhafi ya mitu iwiri.

Mawa lake linali tsiku la mayeso. Owedza bwino pa tsikuli ndiwo ankasankhidwa kulowa m'timu ya kalabu. Mayesowa ankachitika kamodzi pachaka, ndipo kwa Tsabola chaka chimenechi chinali chomaliza, popeza msinkhu wake unali utafika pamalire.

"Amalume, afika aja!" anatero uku akutsegula katoni pa benchi.

Munali makina oonera nsomba. Anali ndi galasi ngati la foni, waya wautali, ndi kachipangizo kakuda kolowa m'madzi komwe amisiri amangokatcha diso. Makinawa amaonetsa kuya kwa madzi ndi pamene nsomba zasonkhana. Amayi ake anamupezera kwa mnzawo wa kuntchito amene anasiya kuwedza.

Amalume anapukuta manja pa kansanza, anawatembenuza uku ndi uku.

"Ndi abwino ndithu. Mlongo wangayu wayesetsa. Tidzawaika Lolemba."

"Lolemba? Amalume, mayeso ndi mawa!"

"Ndikudziwa. Koma silikoni womatira mabowo watha. Ngakhale nditakagula pompano, amafuna tsiku lathunthu kuti aume."

Tsabola analoza kukona. Kumeneko kunali kayaki ya buluu ya Chule, mwana wa amalumewo. Inali itakonzeka bwinobwino. Timapaipi tiwiri toikamo ndodo zowedzera tinali chilili kumbuyo kwa mpando, makina ali kutsogolo, kabatire kali m'kabokosi kotseka.

"Watha bwanji? Nenani kuti wathera pa kayaki ya mwana wanu!"

Chule anali chogona pa matumba, akusenda lalanje. Ankamutcha Chule chifukwa m'madzi ankakhala ngati kwawo.

"Msuweni, usavutike ndi makina," anatero Chule. "Ndi nkhope wakwinyayo, nsomba zikangokuona zifa zokha ndi mantha. Ungozitola."

"Tseka pakamwa, iwe! Palibe wakufunsa."

"Ndinakuitana Lachiwiri kuti tidzayeze poika ndodo," anatero amalume. "Sunabwere."

"Ndimadikira makina. Ndikanadziwa bwanji kuti mukudyetsa silikoni yense kayaki imodzi?"

2. Mawu a amalume

Amalume anakoka chitini cha penti chopanda kanthu n'kukhalapo.

"Khala pansi, mwana wa mlongo wanga. Ukaima chonchi makutu ako amakhala kutali.

"Gogoda kayaki yakoyi. Wamva mmene ikuliriramo? M'kati ndi mphako. Muli mpweya wokhawokha, ndipo mpweya umenewo ndi umene umakunyamula pamadzi. Bwato la matabwa likalowa madzi umawaona, umatenga chitini n'kukapa. Kayaki ikamamwa madzi imamwera m'mimba, iwe uli phee pamwamba, mwinanso ukuimba nyimbo. Pomadzazindikira, zinthu zaipa kale.

"N'chifukwa chake bowo lililonse ndimaliopa. Ndimabowola pamwamba, kutali ndi madzi, ndipo ndimamata ndi silikoni mpaka aume gwa. Pansi pa mzere wa madzi sindibowola, ngakhale munthu atandilonjeza ng'ombe. Ndipo mzere umenewo suupeza kayaki ili pa benchi ayi. Umapita nayo kumadzi, mwini wake akwere ndi katundu wake yense, ndiye uone pamene madzi alekeza.

"Timapaipi ta ndodoti sitingoikidwa chifukwa pakuoneka bwino. Mwini kayaki amakhalamo pano pa shedi, amatenga nkhafi n'kumapalasa m'malere ngati wazungulira mutu, ine ndikuyang'ana pamene mikono yake ikufika. Mikono yako si ya Chule. Ukakopera za mnzako, nkhafi izikagunda ndodo ulendo wonse.

"Za magetsi ndiye usayerekeze. Pamafunika kabatire kopepuka, kotsekeredwa m'bokosi, komangidwa zolimba, ndi fyuzi yake yodula magetsi mawaya akagundana. Madzi ndi magetsi si pachibale.

"Mawa upite ndi kayaki yako mmene ililimu, ndodo imodzi pamiyendo. Ine ndawedza mpaka imvi izi popanda galasi londiuza kumene kuli nsomba. Dzanja lako ndi labwino kuposa la anyamata ambiri a m'kalabu muja. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono ilibe mayeso mawa," anayankha Tsabola.

Chule anaseka mpaka kutsamwa ndi lalanje. Kuseka kumeneko kunangothira mafuta pamoto.

"Onse akakhala ndi makina, ine ndekha ndikakhale ngati wakhungu pakati pa damu? Ndikanakhala mwana wanu wobereka, silikoni akanapezeka!"

Amalume anaimirira pang'onopang'ono.

"Tabwereza."

Tsabola anayang'ana kumbali.

"Kayaki yakoyi ndinaitola itang'ambika, ndinaisoka ndi manja angawa kuti iwe ukhale nayo. Lero ndakhala wokondera? Chabwino. Ndamva."

Anatola chikwama cha masipanala.

"Andiitana kutsidya kukakonza injini ya boti. Ndikagona komweko, ndibwera mawa masana. Chobowolera changa asachikhudze munthu. Wamva, Chule? Wamva, iwe?"

Anatuluka osatsanzika.

3. Chobowolera chilira

Patapita kanthawi, Chule anatenga khasu ndi kachitini, ulendo wokakumba nyongolotsi za nyambo. Tsabola anatsala yekha. Anayang'ana kayaki ya buluu, anayang'ana yake yofiira ili mbulanda pa benchi. Kenaka anakwera pa mpando n'kutsitsa chobowolera pa shelefu.

Anayamba ndi timapaipi ta ndodo. Anatenga chingwe, anayeza pa kayaki ya Chule kuchokera pa mpando, n'kudzalemba chimodzimodzi pa yake. Chobowolera chinalira, tizinyalala tofiira ta pulasitiki tinagwa pansi. Anamanga timapaipito ndi masikuluu mpaka dzanja linawawa.

Mabatire aang'ono onse anali kale m'makayaki a anzake. Pansi pa benchi panali batire lakale la galimoto. Analikoka ndi manja awiri, analikweza kumbuyo kwa kayaki akubuula, n'kulimanga ndi mphira ya chubu cha njinga. Fyuzi sanaipeze. Anangopota mawaya n'kukulunga ndi tepi yakuda.

Diso lija analimangirira pa kachitsulo kolendewera kumbuyo. Panatsala waya wake. Pa kayaki ya Chule, waya ankalowa m'mimba kudzera pamwamba, n'kukatulukira pafupi ndi mpando, kuti asamakolane ndi chingwe cha mbedza. Koma pa yake, batire lalikulu lija linali litatseka malo onse a pamwamba.

Anawerama n'kuyang'ana m'mbali mwa kayaki. Munali mzere wobiriwira wa ndere, umene madzi a m'damu anasiya m'maulendo ake akale.

"Mzere wa madzi suwu?" anadzilankhulira. "Akuti pansi pake osabowola. Ine ndibowola pamwamba pake. Ndalakwa chiyani?"

Anayeza zala ziwiri pamwamba pa mzerewo n'kubowola. Koma kumapeto kwa waya kunali pulagi yonenepa, yosalowa. Anasintha kachitsulo kobowolera, anakulitsa bowolo mpaka chala chachikulu chikanalowa. Pulagi inalowa, koma waya wotsatira anali wowonda, moti m'mbali munatsala mpata. Anatsindiramo tizidutswa ta mphira, pamwamba n'kumatapo tepi.

Mzere wa nderewo unalembedwa pamene kayaki inkanyamula Tsabola yekha ndi ndodo imodzi. Sunadziwe za batire la galimoto.

Atalumikiza mawaya, galasi linayaka. Tsabola anadumpha n'kuwomba m'manja. Nthawi yomweyo Chule analowa, matope ali m'mawondo. Anaona tizinyalala tofiira pansi, anaona chobowolera pa benchi.

"Mayo ine! Tsabola, wachita chiyani?"

"Ndachita zimene bambo ako akana kuchita."

Chule anazungulira kayaki. Atafika kumbuyo anaima.

"Batire ili ndi lolemera kuposa iwe amene. Nanga apa wamata tepi pali chiyani?"

"Chotsa dzanja lako lamatopelo!"

"Msuweni, izi si zoseka. Chotsa batireli, bowoli tiliwotche ndi pulasitiki. Ndikuthandiza, tithana nazo dzuwa lisanalowe."

"Kuti mawa upambane wekha? Ndakuona kale. Iwe ndi bambo ako mtima ndi umodzi."

Chule anaponya kachitini ka nyongolotsi pa benchi.

"Zako izo. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo."

4. Pa damu

M'mawa mwake lole ya kalabu inadzanyamula makayaki. Pa geti ya damu panaima woyang'anira, bambo wamtali amene ana ankangowatcha a Mandevu. Lamulo lawo linali limodzi: kayaki iliyonse yoikidwa zatsopano isalowe m'madzi mmisiri asanaione.

Anafika pa kayaki yofiira. Tsabola anali ataphimba batire ndi thumba.

"Zatsopanotu izi. Amalume ako aiona?"

"Aiona."

"Aiyesa pamadzi?"

"Eya, aiyesa."

Chule anatsegula pakamwa. Tsabola anamuyang'ana ndi diso loti ungoyerekeza. Chule anameza mawu ake n'kuwerama, ngati akumanga nsapato.

"Dzanja la amalume ako sindilikayikira," anatero a Mandevu. "Manga jekete yoyandamitsayo bwinobwino. Pita."

Wezulo italira, makayaki anabalalika pamadzi. Tsabola atangoyamba kupalasa, nkhafi inagunda ndodo ya kumanja. Anapalasanso, inagunda ya kumanzere. Anatukwana chamumtima n'kuyamba kupalasa mofupikitsa, ngati nkhuku yomangidwa miyendo. Anzake anamupitirira.

Koma makina ankagwira ntchito. Galasi linkaonetsa pansi pa damu, miyala, zitsa za mitengo yomira. Atafika chapakati, tizithunzi ta nsomba tinadzaza galasi lonse. Anaponya mbedza, posakhalitsa anakoka nsomba yonona. Anaikweza m'mwamba kuti Chule aione.

Chule sanayang'ane nsombayo. Ankayang'ana kumbuyo kwa kayaki yofiira.

"Tsabola! Kumbuyo kwako kwamira! Bwerera kumtunda!"

"Nsanje!" anakuwa Tsabola.

Komabe anali atamva kale kuti kayaki yalemera. Mphuno yake inali itadzuka, ndipo akasuntha pang'ono, m'mimba mwake munkamveka madzi akuti khuvu, khuvu. Anayang'ana kumtunda. Sikunali kutali kwenikweni. Akanapalasa nthawi yomweyo akanafika.

Anayang'ananso pa galasi. Nsomba zinali zikadali pompo, zazikuluzikulu.

"Imodzi yokha," anatero, n'kuponyanso mbedza.

Nsomba inadya mwamphamvu, ndodo inapindika. Tsabola anapendekera kumanja kuti akoke. Madzi onse a m'mimba mwa kayaki anathamangira mbali yomweyo, batire nalo linatsetsereka. Kayaki inagadabuzika kamodzin'kamodzi.

Madzi anali ozizira ngati a mufiriji. Jekete inamukankhira pamwamba, anatulukira akutsokomola. Chingwe cha mbedza chinali chitamukulunga mwendo. Anagwira kayaki, koma inali yoterera, theka lake lili pansi pa madzi. Mphira ija inaduka. Batire linapita pansi, likukoka mawaya ndi makina omwe.

Chule anali ndi nsomba yaikulu pa mbedza nthawi imeneyo. Anataya ndodo yonse m'madzi n'kupalasa ngati wamisala.

"Gwira mphuno ya kayaki yangayi! Osakwera, ungatigwetse tonse! Gwira basi!"

Anasolola kampeni, anawerama n'kudula chingwe cha kumwendo. Kumtunda wezulo inkalira mosalekeza, ndipo boti la injini la a Mandevu linali likubwera likung'amba madzi.

5. Nsomba imodzi

Anaikokera kumtunda kayaki yofiira ija anthu anayi, chifukwa inali yolemera ngati ng'ombe yakufa. Ataitembenuza, madzi anatuluka pa bowo lija ngati pa mpopi. Tepi yakuda inkalendewera, tizidutswa ta mphira titachoka kale.

Tsabola anakhala pa mwala atafunda thaulo, mano akugundana. A Mandevu analowetsa chala m'bowomo, nachitulutsa. Ndevu zawo zinkagwedezeka ndi ukali.

"Ana inu, bwerani kuno nonse! Bwerani mudzaone!

"Mukuliona bowo ili? Apa ndi pamene imfa imalowera. Siifuna chitseko chachikulu. Ine ndavuulapo mwana m'damu muno, mwana wodziwa kusambira kuposa nonsenu. Ndinamunyamula ndi manja awa kukamupereka kwa mayi wake. Kulira kwa mayi ameneyo sindidzakuiwala. Mukamandiona ndikukuvutitsani pa geti paja, mumati mdalayu ndi wovuta. Eya, ndine wovuta. Ndifuna aliyense wa inu akadye kwawo madzulo.

"Taonani tsopano. Batire la galimoto lagona pansi pa damu, madzi amene anthu amamwa ndi ziweto zomwe. Mwana akanafa. Ndipo ntchito imeneyi yachokera m'manja mwa munthu wamkulu, mmisiri amene ndamukhulupirira zaka zonsezi! Kutseka bowo ndi tepi? Kumanga batire ndi chubu cha njinga? Wakalamba kapena wayamba kumwa?"

Tsabola anadzidzimuka. Anakokera thaulo kumutu n'kuwerama.

"Mayeso athera pano," anapitiriza a Mandevu. "Makayaki onse ochokera ku shedi imeneija atuluke m'madzi. Sindingadziwe kuti mwa enawa mwabisala zotani. Ndipo ndikauza akuluakulu a kalabu kuti tipeze mmisiri wina."

Ana anayamba kung'ung'udza. Makayaki onse anali ochokera ku shedi imeneyo.

"Ndiye timu isankhidwa bwanji?" anafunsa mtsikana wina, misozi ili m'maso. "Ife talakwa chiyani?"

"Nsomba ikawola imodzi, zonse zawola," anayankha a Mandevu. Anatulutsa foni m'thumba n'kupita chapatali.

Chule anabwera n'kuima pamaso pa Tsabola. Zovala zake zinkadontha madzi. Nthabwala zonse zinali zitamuthera.

"Wamva zimene akuwanena bambo anga?"

"Ndamva."

"Akuti amamwa. Bambo anga! Ntchito ya kalabuyi ndi imene imatidyetsa kunyumba, ukudziwa iwe. Ndakutayira ndodo yanga, ndakutayira nsomba yanga, zimenezo ndilibe nazo mawu. Koma dzina la bambo anga ayi."

"Ukanandiletsa pa geti paja," anatero Tsabola motsitsa mawu.

"Ndikanakuletsa? Iwe amakuletsa ndani? Inenso ndalakwa kukhala chete, ndipo ndikavomera. Koma wogwira chobowolera sindine."

Anzawo ena anali atayandikira, akumvetsera. Mnyamata wina anafunsa kuti, "Chobowolera chanji?"

A Mandevu anabwerera foni ili m'manja. Nkhope yawo inali itasintha. Ukali unalipobe, koma tsopano maso awo anali pa Tsabola.

"Ndawapeza amalume ako. Ndawauza zonse, ndawakalipira mokwanira. Sanandiyankhe kanthu. Angofunsa ngati uli moyo, kenaka akuti akufuna amve mawu ako."

Anadina foniyo kuti aliyense amve, n'kuiika pa mwala pambali pake. Ana onse anazungulira. Panamveka kaphokoso ka mphepo, kenaka mawu a amalume, otsika, osathamanga.

"Mwana wa mlongo wanga, wavulala?"

"Ayi, amalume."

"Tithokoze Mulungu. Tsopano pali anthu pamenepo, ndipo akumva. A woyang'anira akuti unawauza kuti kayaki yako ndinaiona, ndinaiyesa pamadzi. Mwina ndakalambadi, ndayamba kuiwala. Tandikumbutsa. Ndinaiyesa liti?"